Ndevu ndi zikhadabo za malemu sizikula

Pa maliro kuno ku Harare, kaya ku Mbare kaya ku Mufakose, simulephera kumva wina akunong'ona pa siwa kuti malemu amera ndevu, zikhadabo zatalika, ndiye kuti pali dzanja la munthu. Ena amafika poloza chala apongozi. Ndi bodza limenelo.

Mtima ukaima, tsitsi ndi zikhadabo sizikulanso, poti zimadalira magazi obweretsa mpweya ndi chakudya. Chimachitika n'chakuti khungu limauma n'kufota. Likabwerera m'mbuyo pachibwano ndi kunsonga za zala, timizu ta ndevu ndi mbali ya chikhadabo imene inabisika zimaonekera. N'chifukwa chake okonza mitembo amapaka mafuta kumaso, makamaka thupi likakhalitsa mufiriji ya kumotchale podikira mapepala opitira ku Malawi kudzera pa Nyamapanda, chipata cha pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique.

Kuuma gwa kwa thupi nakonso si matsenga. Kumayamba pakatha maola 2 mpaka 6, kuyambira m'zikope ndi nsagwada, paja akuluakulu amafulumira kutseka maso ndi kumanga chibwano ndi kansalu. Pakatha tsiku ndi theka kapena masiku awiri thupi limafewanso, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala zonsezi zimafulumira.

Nanga kubuula kuja kumene kumathawitsa osambitsa maliro? Tizilombo ta m'matumbo timapanga mpweya, ndipo potembenuza mtembo mpweyawo umatulukira kukhosi. Mabanga akuda kumsana ndi magazi amene atsikira mbali yogonera. Banja likakayikabe, dokotala wopima mtembo amatha kusiyanitsa mabangawo ndi mikwingwirima ya kumenyedwa.