Vinyo wa ku Finger Lakes ndi mkangano wa chimene chinkapha mpesa

Munthu akafika ku Watkins Glen mwezi wa July, kumapeto akummwera kwa nyanja ya Seneca m'chigawo cha New York ku America, amapeza misewu iwiri yolowera kumpoto: Route 14 kumadzulo kwa nyanja, Route 414 kum'mawa. Uliwonse umene angatenge, sayenda mtunda wautali asanaone chikwangwani choitana anthu kudzalawa vinyo, kenako china, kenakonso china. Mizere ya mpesa imatsetsereka kulowera kumadzi. Koma mukasiya gombe n'kukwera kumtunda makilomita ochepa okha, mpesa umatheratu, m'malo mwake mumaona chimanga, msipu ndi ng'ombe za mkaka. Dera limeneli, lotchedwa Finger Lakes, limazizira koopsa kuyambira December mpaka March, ndipo mphesa za vinyo wabwino zimangokula pamene nyanja ikuziteteza.

Nyanjazi zilipo 11, zazitali ndi zopapatiza, ndipo zinakumbidwa ndi madzi oundana amene ankatsetsereka kuchokera kumpoto zaka masauzande ambiri zapitazo. Chofunika kwa mlimi ndi kuya kwake. Seneca ndi yakuya mamita 188, Cayuga mamita 133, pomwe Keuka, yooneka ngati mphanda, imangopitirira pang'ono mamita 55. Madzi ambiri chonchi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira. Seneca siundana kawirikawiri, moti anthu amatchulabe 1912 ngati chaka chimene inaundana yonse. Choncho m'miyezi yozizira nyanja imafunditsa mapiri oizungulira, ndipo mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatsikira kumadzi m'malo mokhazikika m'munda. Ikafika April zinthu zimatembenuka: madzi amakhala akadali ozizira, amachedwetsa mpesa kuphuka, ndipo mphukira zimatuluka chisanu choopsa chitadutsa. Mu October nyanja imabwezanso kutentha kumene inasunga, mphesa n'kupeza masabata ena oti zipse bwino. N'chifukwa chake munda wa pamalo otsetsereka oyang'ana nyanja ndi wamtengo wapatali, pomwe wa m'chidikha, ngakhale dothi lake likhale labwino chotani, umapsa ndi chisanu.

Mayina a Seneca ndi Cayuga ndi a mitundu ya anthu a Haudenosaunee, eni dera akale. Mu 1779 asilikali otsogoleredwa ndi General John Sullivan anatentha midzi yawo, minda ya chimanga ndi mitengo ya zipatso, ndipo pambuyo pake malowo anagawidwa kwa azungu. Nkhani ya mpesa imayamba mu 1829, pamene mbusa William Bostwick anadzala mphesa za Catawba ndi Isabella kuseri kwa nyumba yake ku Hammondsport, kumapeto kwa nyanja ya Keuka. Oyandikana naye anatengako mbewu. Mu 1860 kampani ya Pleasant Valley inatsegulidwa, ndipo mpaka lero imanyadira kuti ndi nambala 1 m'kaundula wa boma wa malo opangira vinyo. Urbana inatsatira mu 1865, Taylor mu 1880, Widmer m'tauni ya Naples ya m'dera lomweli mu 1888. Lamulo loletsa mowa m'dziko lonse, kuyambira 1920 mpaka 1933, linagwetsa makampani ambiri. Amene anapulumuka anapulumukira pa madzi a mphesa osawira ndi vinyo wa mgonero wa m'matchalitchi.

Vinyo yense wa nthawi imeneyo ankachokera ku mphesa za ku America komweko: Concord, Catawba, Niagara, Delaware. Mphesazi zimapirira kuzizira, koma zili ndi fungo lamphamvu lija la juwisi wofiirira wa m'botolo, ndipo asidi wake ndi wochuluka moti opanga vinyo ankathiramo shuga ndi madzi kuti amwekeko. Mphesa za ku Ulaya, za mtundu wa Vitis vinifera, monga Riesling ndi Chardonnay, anthu anaziyesa kum'mawa kwa America kwa zaka zoposa 200 koma zinkangofa. Akatswiri a pa malo ofufuzira zaulimi ku Geneva, kumpoto kwa Seneca, anali atagamula kale kuti kunoko n'kozizira kwambiri, vinifera sangakule. Njira imene ankalimbikitsa inali ya mphesa zosakaniza mitundu ya ku France ndi ya ku America, monga Seyval Blanc ndi Baco Noir. Charles Fournier, amene anabwera mu 1934 kuchokera ku kampani ya Veuve Clicquot ku France kudzagwira ntchito ku Urbana, imene inadzatchedwa Gold Seal, anali mmodzi mwa oyamba kuzidzala.

Amene anatsutsa chigamulochi ndi Dr. Konstantin Frank, Mjeremani wobadwira ku Ukraine mu 1899. Anafika ku America mu 1951 ali ndi zaka 52, wopanda chuma, wosadziwa Chingerezi, koma ali ndi digiri ya udokotala pa ulimi wa mpesa m'madera ozizira. Ku Geneva anamupatsa ntchito yamanja m'munda. Iye ankauza aliyense womumvera kuti analima vinifera kumene kumazizira kuposa New York, ndipo chopha mpesa si kuzizira kokha ayi, koma mizu yolakwika. Fournier, amene ankatha kulankhula naye m'Chifalansa, anamulemba ntchito mu 1953.

Mfundo ya Frank tiimvetse bwino, chifukwa ndi imene ikugwirabe ntchito m'minda yonse imene mlendo amaona lero. M'dothi la kum'mawa kwa America muli kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamayamwa mizu ya vinifera mpaka mtengo kufooka. Mizu ya mpesa wa ku America imapirira kachilomboka. Choncho nthambi ya Riesling imamezanitsidwa pa tsinde la mpesa wa ku America. Zimenezi zinkadziwika kale ku Ulaya. Chimene Frank anaonjezera n'chakuti tsinde lapansilo lisankhidwe lopirira kuzizira komanso lothandiza kuti nthambi zikhwime msanga chisanu chisanafike, chifukwa nthambi yanthete ikalowa m'nyengo yozizira imafa ngakhale kusazizire kwenikweni. Iye ndi Fournier anayenda mpaka ku Quebec, ku Canada, kufunafuna mizu yotero. Kuzizira kwakukulu kwa 1957 kutadutsa, mpesa wawo unapezeka wamoyo ndipo unabereka. Mu 1962 Frank anatsegula malo ake opangira vinyo pamwamba pa nyanja ya Keuka, ndipo banja lake likuwayendetsabe. Kumeneko mungalawenso Rkatsiteli ndi Saperavi, mphesa za m'dziko la Georgia zimene ankazidziwa kwawo.

Munthuyu anali wolondola pa nkhani ya mizu, koma analinso wamakani. Mphesa zosakaniza ankadana nazo mpaka kufika ponena kuti vinyo wake ndi woopsa pa thanzi, zimene ofufuza a ku Geneva anayesa n'kupeza kuti si zoona. Ndipo akatswiri aja sanalakwitse zonse: kuzizira kumaphadi. Maso a Riesling amayamba kufa kukazizira kufika pafupifupi madigiri 23 a Celsius kunsi kwa ziro, pomwe Concord imapirira mpaka kuyandikira 29. Ndiye kulima vinifera kuno ndi ntchito yosatha yodzitchinjiriza. Akamaliza kukolola, mu November, thirakitala imadutsa m'mizere ikukwirira dothi patsinde, monga mmene timabandirira chimanga, mpaka mfundo yomezanitsira itabisika. Kumtunda konse kukafa, maso okwiririka aja amaphuka ndipo mlimi amayambiranso ndi Riesling yemweyo. Akapanda kukwirira, chotsala ndi tsinde la ku America lopanda phindu, munda wonse n'kudzalanso. Dothilo liyenera kuchotsedwa nyengo yofunda ikayamba, apo ayi nthambi yakumwamba imatulutsa mizu yakeyake, kachilombo kaja n'kuipeza. Mukayang'anitsitsa mumzere muonanso kuti mtengo umodzi uli ndi matsinde awiri kapena atatu a misinkhu yosiyana. Si ulesi wa wodulira. Amasiya dala kuti lina likang'ambika ndi kuzizira lina litenge malo. Asanadulire, alimi amadula nthambi m'munda, kuziika m'nyumba tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kucheka maso pafupifupi 100 ndi lezala. Diso lobiriwira mkati ndi lamoyo, lakuda ndi lakufa. Akufa akachuluka, wodulira amasiya maso ambiri pamtengo kuti zokolola zisatsike kwambiri. January wa 2004 anapha mpesa wambiri, makamaka kwa amene anali atayamba kunyozera kukwirira, ndipo 2014 ndi 2015 zinabwerezanso phunziro lomwelo.

Komabe kupambana kwa Frank pakokha sikukanabweretsa zikwangwani za mumsewu zija. Chinazibweretsa ndi vuto la msika. Kwa zaka zambiri alimi ankangolima, mphesa n'kukagulitsa ku makampani aakulu, makamaka Taylor. M'ma 1970 makampaniwo anayamba kugula vinyo wotchipa wa ku California wobwera m'matanki a sitima, ndipo anachepetsa kugula mphesa za m'deralo. Alimi anatsala ndi mphesa zopanda wogula, ndipo mpesa si mbewu yoti ungazule chaka chino n'kudzala ina. Kutsegula malo akoako opangira vinyo kunali kovuta kwambiri chifukwa laisensi inali yodula, ndipo lamulo linkafuna kuti vinyo wambiri adutse kwa ogulitsa apakati. Mu 1976 bwanamkubwa Hugh Carey anasaina lamulo la Farm Winery Act. Linatsitsa mtengo wa laisensi ndi kulola mlimi wogwiritsa ntchito mphesa za mu New York kugulitsa vinyo wake pakhomo, kwa aliyense wobwera. Glenora inatsegulidwa mu 1977, Wagner ndi Hermann J. Wiemer mu 1979. Wiemer anachokera ku Bernkastel m'chigwa cha Mosel ku Germany, kwawo kwa Riesling, ndipo anali katswiri womezanitsa.

Mu 1977 kampani ya Coca-Cola inagula Taylor, ndipo panabuka mlandu umene anthu a ku Hammondsport amasimbabe. Walter S. Taylor, mdzukulu wa amene anayambitsa kampaniyo, anali atachotsedwa ntchito chifukwa chodzudzula poyera vinyo wa m'matanki uja, ndipo anali ndi malo ake otchedwa Bully Hill. Khoti linamuletsa kulemba dzina loti Taylor pa mabotolo ake. Iye ndi omutsatira anangotenga zolembera zakuda n'kufufuta dzinalo pa botolo lililonse, ndipo mabotolo ofufutidwawo anamutchukitsa kuposa malonda alionse apawailesi.

Wogulitsa pakhomo amafunika anthu afike pakhomopo. N'chifukwa chake mu 1983 eni malo ochepa a m'mbali mwa Cayuga anagwirizana kusindikiza mapu amodzi oonetsa njira yochokera kwa uyu kupita kwa uyo, njira yoyamba ya mtunduwu ku America. A ku Seneca anapanga yawo mu 1986. Lero malo opangira vinyo m'derali ndi oposa 100, ndipo ambiri a iwo ndalama zawo amazipeza m'chipinda cholawira, osati m'masitolo. Izi zikufotokoza chifukwa chimene pa tebulo limodzi mumapeza Riesling wosatsekemera pambali pa Catawba wapinki wotsekemera ngati sobo. Ena amanyoza vinyo wotsekemerayo, koma m'malo ambiri ndi amene amalipira thirakitala yokwirira Riesling. Zikufotokozanso chifukwa chimene eni minda amalusira aliyense wokhudza nyanja. Kampani ya Crestwood itafuna kusunga gasi m'mapanga a mchere pafupi ndi Watkins Glen, opanga vinyo anali patsogolo pokana, ndipo boma la chigawo linakaniza chilolezo mu July 2018. Mkangano wina unabuka ku Dresden, m'mbali mwa Seneca, kumene fakitale ya magetsi ya Greenidge inayamba kugwiritsa ntchito makompyuta popanga Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, anthu n'kudandaula za utsi ndi madzi ofunda obwerera kunyanja. Mu June 2022 boma linakana kuonjezera chilolezo chake cha utsi, koma kampaniyo inapita kukhoti n'kupitiriza ntchito mlandu uli mkati.

Woyendera derali pakati pa June ndi August adziwe kuti kuchokera mumzinda wa New York ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu pagalimoto, ndipo pa Seneca palibe mlatho. Malo amene mukuwaona kutsidya ali pafupi ndi maso okha. Kuzungulira nyanja yonse ndi makilomita oposa 120, choncho sankhani mbali imodzi pa tsiku, malo atatu kapena anayi basi. Polawa amathira mamililita pafupifupi 30, ndipo mitundu isanu ikwana tambula yathunthu, ndiye malo anayi ndi matambula anayi. Chidebe chili pa tebulo ndi cholavulira ndi kutayira wotsala, ndipo palibe amene amakuonani achilendo mukachigwiritsa ntchito. Woyendetsa galimoto asamwe, chifukwa ku New York munthu amayamba kuimbidwa mlandu mowa m'magazi ukangopitirira 0.05 peresenti, asanafike n'komwe pa 0.08 yodziwika ija. Osakwana zaka 21 sapatsidwa, ndipo mlendo wakunja atenge pasipoti. Magulu aakulu amafunika kusungitsa malo, makamaka Loweruka. Yambani ndi vinyo wosatsekemera, wotsekemera pomalizira, chifukwa shuga akatsogola mkamwa Riesling wosatsekemera amamveka wowawasa. Kumbuyo kwa mabotolo ambiri a Riesling kuli kamzere koonetsa mlingo wa kutsekemera, ndipo n'kodalirika kuposa dzina la kutsogolo.

Mphesa zimene muone m'munda mu July ndi zazing'ono, zobiriwira, zolimba. Zimayamba kufewa ndi kusintha mtundu mu August, ndipo Riesling amakololedwa mu October. Vinyo wa m'tambula mwanu ndi wa chaka chatha kapena cham'mbuyo, choncho funsani mmene chakacho chinalili. Mwachitsanzo, pa 18 May 2023 chisanu chinagwa mpesa utaphuka kale, ndipo minda yambiri, makamaka yotalikirana ndi madzi, inataya gawo lalikulu la zokolola, moti mitundu ina ya chaka chimenecho inapangidwa yochepa. Mabotolo amene mwagula musawasiye m'buti ya galimoto padzuwa. Vinyo akatentha amafufuma, amakankha chitsekerero n'kuyamba kudontha, ndipo fungo lake la zipatso limatha osabwereranso. Tengani bokosi lozizira lokhala ndi ayezi, liikeni mkati mwa galimoto, ndipo mukafika kogona mabotolowo alowe nanu m'nyumba.