Odwala shuga: musasiye nsima musanaonane ndi adokotala

Anthu ambiri, makamaka m'matauni, ayamba kusala zakudya zokhutitsa pofuna kuchepetsa thupi. Ena amati ali pa keto, pomwe amene ali ndi abale ku Joni amati Banting. Nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi chinangwa sakhudzanso. Amadya nyama, mazira, mapeyala ndi masamba othira mafuta ambiri.

Kadyedweka si katsopano. Mu 1921 Dr Russell Wilder wa ku Mayo Clinic, ku America, anakakonzera odwala khunyu, ndipo mu 1972 Dr Robert Atkins anakafalitsa kwa ofuna kuonda. Wotsata keto amadya ma carbohydrate (sitachi ndi shuga wa m'zakudya monga nsima ndi mpunga) osakwana magalamu 50 patsiku, pomwe ufa wa chimanga wokwana magalamu 100 uli ndi oposa 70. Thupi likawasowa limayamba kugwiritsa ntchito mafuta amene linasunga. Kuonda kumachitikadi, ngakhale makilo ambiri amene amachoka sabata yoyamba amakhala madzi chabe. Mutu kuwawa, kufooka, kudzimbidwa ndi fungo la m'kamwa zimachitikanso.

Koma chimene chatidetsa nkhawa ife a ku kiliniki ya shuga ndi mphekesera imene ikuyenda pa WhatsApp yakuti kusiya nsima kumachiritsa matenda a shuga. Tamvani bwino. Jakisoni wa insulin ndi mapilitsi a glibenclamide amatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Mlingo umene munapatsidwa unayezedwa molingana ndi mmene mumadyera masiku onse. Mukachotsa nsima mwadzidzidzi koma mankhwala n'kumamwa monga kale, shuga amatsika kupitirira muyeso, ndipo munthu akhoza kukomoka, ngakhale kumwalira kumene.

Tinalandirapo bambo wina amene achibale anabwera naye atamunyamula, malaya ali chonyowa ndi thukuta, akuyankhula zosamveka. Achibale ankaganiza kuti waledzera. Chonsecho anali atatha masiku akudya mazira ndi masamba okha, glibenclamide akumwa m'mawa uliwonse osaphonya.

Zizindikiro za kutsika kwa shuga ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kugunda kwambiri, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Ngati muli ndi makina oyezera, shuga akatsika kuposa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, ndiye kuti zinthu zavuta. Sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi, wodwalayo amwe pomwepo, kenako adye chakudya. Akakomoka musamuthire chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Palinso ena amene amachita zosiyana: akasiya nsima amasiyanso mankhwala, ati achira. Ayi ndithu. Makamaka inu amene mumabaya insulin, musayerekeze kusiya jakisoni panokha. Shuga amakwera, magazi amadzadza asidi, munthu amasanza, kupuma mobanika, mapeto ake n'kugonekedwa ali chikomokere. Omwa mankhwala a BP nawonso asamale, pakuti BP imatha kutsika mpaka kugwa poimirira. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, komanso odwala impso asayambe kadyedweka popanda uphungu wa achipatala.

Sitikunena kuti mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera ndi yabwino. Kuchepetsa n'kothandiza. Yambani ndi kusiya zakumwa zotsekemera, mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri. Idyani mgaiwa, mitanda yochepa, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke m'mbale, ndipo muziyenda pansi tsiku lililonse.

Ngati mwatsimikiza kuyesa keto, bwerani kaye ku kiliniki ya shuga musanasinthe chilichonse. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba, tiyeze shuga n'kuona ngati mlingo ukuyenera kusintha. Amene munayamba kale osatiuza, musachite manyazi, sitikukalipirani. Bwerani sabata ino, osadikira tsiku limene tinakulemberani.