Bere loikidwa implant pambuyo pa opaleshoni ya khansa: zomwe mudzaone pagalasi

Tikangomasula mabandeji, funso lomwe amayi ambiri amandifunsa ndi lakuti "adokotala, ndiye lizikhala chonchi basi?" Ndipo amafunsa nkhope ili kumbali, osafuna kuliyang'anitsitsa. Ine ndimayankha kuti ayi amayi, bereli lisinthabe kwa miyezi ingapo, ndiye musaliweruze ndi maonekedwe a sabata yoyamba.

Masiku oyamba aja bere limakhala lotupa, lolimba ngati mwala, ndipo limaoneka lakwera m'mwamba kuposa linzake. Khungu limatha kuda kapena kufiira chifukwa cha magazi oundana pansi pake. Mumatulukanso m'chipatala ndi timapaipi tochotsa madzi pabalapo, tomwe nthawi zambiri timakhala sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo timatichotsa madziwo akachepa kufika pafupifupi mamililita 30 patsiku. Timapaipiti ndi tosowetsa mtendere, ndikudziwa, kugona kumavuta, kusamba kumavuta, koma chonde musamatikoke nokha chifukwa madzi akadzadza m'kati ndi pomwe majeremusi amapezerapo mpata.

Amayi ena timawaikira implant yeniyeni, kathumba ka silikoni kapena ka madzi amchere kolowa m'malo mwa bere lochotsedwa, tsiku lomwelo la opaleshoni, ena timayamba taika kathumba kotchedwa expander kamene timakapopera madzi amchere pang'onopang'ono sabata iliyonse kapena patapita masabata awiri kuti khungu litambasuke, kenako pakapita miyezi nkudzaika implant. Ngati muli ndi expander, dziwani kuti kameneka kamalimba kwambiri ndipo sikaoneka bwino nkomwe, kamangogwira ntchito yokonza malo. Ndiye musagwe ulesi mukakaona.

Pakatha miyezi 3 mpaka 6 kutupa kumaphwa, implant imatsikira pamalo pake, bere nkuyamba kufewako. Chipsera ndiye chimachedwa, chimatha chaka kapena chaka ndi theka chisanazirale, ndipo kwa anthu akhungu lakuda chimatha kuda kwambiri kapena kutukumuka. Ngati munakhalapo ndi chipsera chotukumuka kale, ngakhale cha pakhutu pomwe munaboola ndolo, muuzeni dokotala opaleshoni isanachitike.

Tsopano nkhani ya dzanzi, imene ndimaona kuti sitiwafotokozera amayi mokwanira ndipo zimandikhudza. Pochotsa bere timadula mitsempha yaing'onoing'ono yomwe imapangitsa khungu kumva, ndiye bere latsopanoli mukaligwira limakhala ngati si lanu, penanso limazizira kuposa thupi lonse. Ena kumva kumabwererako pang'ono patapita zaka, ena sikubwerera. Apa pali ngozi yeniyeni: musaikepo botolo la madzi otentha kapena nsalu yotentha kuti muthobe, chifukwa mutha kupsa mpaka kutuluka matuza osamva chilichonse. Ndipo ngati mukumva chisoni kuti bereli silimva, chisoni chimenecho nchomveka, musadzione ngati osayamika. Kambani ndi amuna anu, kambani ndi namwino wanu, izi si zoti muzisunga nokha mumtima.

Kufanana kwa mabere awiriwo nakonso tinene chilungamo. Bere lachibadwa limagwa ndi zaka, mukanenepa limakula, mukaonda limachepa, pomwe la implant limangokhala njo pamalo pake lozungulira. Ndiye pakapita zaka kusiyana kumaonekera. Ngati implant inaikidwa pansi pa mnofu wa pachifuwa, mudzaona bere likudumpha kapena kupindika mukakankha chitseko kapena kunyamula kanthu, ndipo kwa amayi ochepa thupi pamatha kuoneka timakwinya ngati mafunde. Zambiri mwa izi zimakonzeka, timatha kutenga mafuta pamimba kapena pantchafu nkudzaza pomwe papyapyala, kapena kukonza bere linzakelo kuti ayandikirane. Nsonga ya bere, ngati inachotsedwa, timaipanga kumapeto bere litakhazikika, ena amangosankha tattoo ndipo imaoneka bwino zedi.

Thupi limakuta implant iliyonse ndi kachikopa kopyapyala, zimenezo nzachibadwa, koma nthawi zina kachikopako kamakhuthala nkuyamba kufinya implant, bere nkulimba, kukwera m'mwamba, kumapweteka. Timazitcha capsular contracture ndipo zimachitika kwambiri kwa omwe analandira radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza. Zimabwera mwakachetechete, miyezi kapena zaka pambuyo pake.

Zonyamula zolemera dikirani masabata 4 mpaka 6, koma mafizo a phewa omwe akupatsani muzichita tsiku lililonse kuti mkono usaume. Fodya ndiye ayi ndithu, amachepetsa magazi opita kukhungu lomwe langotsala lopyapyalalo ndipo bala limakana kupola.

Pali zina zosadikira tsiku la kiliniki. Thupi likatentha, bere likafiira nkumaotcha, likatupa mwadzidzidzi mbali imodzi, pabala pakamatuluka mafinya kapena madzi onunkha, kapena khungu likayamba kuda bii ngati lapsa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku. Tikaligwira msanga vutolo implant imapulumuka, tikachedwa timakakamizika kuichotsa.

Komanso implant si ya muyaya. Ya madzi amchere ikabooka bere limangophwa muliona, koma ya silikoni imatha kung'ambika inu osadziwa, nchifukwa chake bungwe la FDA loona za mankhwala ku America limalangiza kujambulitsa ndi makina a MRI kapena sikani ya ultrasound pakatha zaka 5 kapena 6, kenako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika ma implant ake okhakhala kunja chifukwa cha khansa yosowa yotchedwa BIA-ALCL, yomwe nthawi zambiri imayamba ndi bere kutupa madzi patapita zaka zambiri. Ndiye kakhadi kolemba mtundu wa implant yanu kasungeni bwino, ndipo bere likadzatupa kapena mukamva kachotupa ngakhale patatha zaka 10, bwerani tidzalione.