Kholo lodzipereka m'dera likafuna kupikisana pa ukhansala

Anthu ambiri amene amaganiza zoimira pa mpando wa khansala amachokera m'komiti ya sukulu, m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu, m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena pa sukulu ya mmera mpoyamba pomwe akhala akuphika phala popanda malipiro. Anthu otere amadziwa mjigo umene udawonongeka ndi mlatho umene ana amalephera kuwoloka m'dzinja, ndipo chidziwitso chimenechi n'chimene makhonsolo athu amasowa. Komabe ntchito ya khansala ndi yosiyana kwambiri ndi ya munthu wongodzipereka, ndipo kholo liyenera kumvetsa kusiyanaku lisanatenge zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC.

Udindowu ngwachilendobe kwa Amalawi ambiri. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidakhazikitsidwa mu 1998, makhansala adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Pa zaka zimenezo anthu adazolowera kudandaula kwa phungu ndi kwa mfumu, mwakuti mpaka lero ena amaona khansala ngati kaphungu kakang'ono. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 mawodi adali 509, kuchoka pa 462 am'mbuyomu.

Zoyenereza zake sizovuta. Munthu akhale nzika ya Malawi ya zaka zosachepera 21, akhale m'kaundula wa ovota, ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za khonsolo. Mfundo yomalizayi imatsekereza amayi ndi abambo ambiri anzeru amene sadapite patali ndi sukulu, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yosayenera pa msonkhano wokambirana za msika ndi zimbudzi za m'dera, koma ndi mmene lamulo lilili. Wopikisana amalipiranso ndalama yolembetsera, yomwe imakhala yotsikirapo kwa amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Angathe kuima payekha, kapena kudutsira m'zisankho zachipulula za chipani.

Khansala akasankhidwa sapatsidwa thumba la ndalama loti azigawa m'wodi mwake. Ntchito yake imachitikira pa misonkhano ya khonsolo ndi m'makomiti ake monga ya zachuma, ya maphunziro ndi ya zaumoyo, kumene amavomereza bajeti ndi ndondomeko ya chitukuko, kupanga malamulo a m'dera okhudza misika, ziphaso za malonda ndi ukhondo, komanso kufunsa akuluakulu a khonsolo mmene ndalama zayendera. Oyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi bwanamkubwa, kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi antchito ake. Munthu amene adazolowera kuumba njerwa ndi anzake n'kuona chipinda chophunziriramo chikukwera amakhumudwa akapeza kuti tsopano ayenera kuwerenga malipoti a zachuma, kudikira msonkhano wina, ndi kunyengerera makhansala anzake omwe nawonso akufuna chitukuko chomwecho m'mawodi awo. Amene safuna kuphunzira kuwerenga bajeti angathandize dera lake kwambiri atakhalabe m'komiti ya sukulu. Pamwamba pa izi pali kukokanakokana ndi aphungu, makamaka pa thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, nkhani imene idafika mpaka ku khoti mu 2025.

Mbali imene makolo ambiri saiwerengera ndi ya pakhomo. Khansala salandira malipiro ngati a phungu; amalandira ndalama yongomuthokoza, koma pakhomo pake pamafika anthu ofuna bokosi la maliro, galimoto yopita kuchipatala ndi fizi. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo wopikisana wanzeru amagwiritsa ntchito lamuloli kunena poyera kuyambira pa msonkhano woyamba zimene adzathe ndi zimene sadzatha. Akalonjeza kulipira zonse ndi ndalama za m'thumba mwake, ana ake ndiwo adzayambe kusowa fizi. Nkhaniyi iyenera kukambidwa ndi mwamuna kapena mkazi wake nthawi ya kampeni ya masiku 60 isanafike, pamodzi ndi funso la amene adzasamale ana pamene misonkhano ikutha usiku. Ana okulirapo auzidwenso kuti adzamva kholo lawo likunyozedwa kusukulu ndi pa WhatsApp, ndipo amayi opikisana ndiwo amanyozedwa kwambiri.

Amene akuganizira za chisankho cha 2030 ayambe tsopano kupita ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya dera lake, apemphe kuona ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, ndipo afunse ku ofesi ya m'boma lake ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, za malamulo a zisankho amene akugwira ntchito.