Mwana wokana wa m'banja la Ben Cash

Amene munaonera filimu ya Captain Fantastic, yomwe Matt Ross analemba ndi kuitsogolera mu 2016, mukukumbukira Ben Cash, bambo wandevu amene akulera ana ake 6 m'nkhalango za m'mapiri a chigawo cha Washington ku America. Viggo Mortensen anasewera mbali ya Ben mwaluso moti analowa nawo pa mpikisano wa mphoto ya Oscar. Koma ine, monga mlangizi wa ana ndi mabanja, maso anga amakhala pa Rellian, mnyamata wapakati amene amangokhala ndwii abale ake akusangalala.

Ben ndi mkazi wake Leslie anachita kusankha moyo wopanda magetsi, foni ndi sukulu, pothawa dziko lolambira ndalama. Si umphawi unawakankhira kutchire. Ndipo zipatso zake zikuoneka: ana amasaka nyama ndi mpeni, amakwera matanthwe, usiku amawerenga mabuku ozama akuwotha moto. Kamtsikana Zaja, ka zaka 8, kamafotokoza m'mawu akeake tanthauzo la Bill of Rights, gawo la malamulo a America lonena za ufulu wa anthu, pomwe asuweni ake akuluakulu opita kusukulu akungoyang'anana. Kholo lililonse lingasirire.

Pa ntchito yathu timagwiritsabe ntchito zimene Diana Baumrind, katswiri wa maganizo wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, anafotokoza m'zaka za m'ma 1960. Iye anagawa makolo patatu: olamula mosafuna kuyankhidwa, olekerera, ndi oika malamulo koma n'kumamvetsera mwana. Ukamuona koyamba, Ben ndi wa gulu lachitatu. Samenya. Funso lililonse amaliyankha. Leslie, amene ankadwala matenda a maganizo otchedwa bipolar, atadzipha ali kuchipatala, Ben anauza ana zoona tsiku lomwe anamva. Apa ndimamuyamikira, chifukwa ana amene anamizidwa za imfa ya kholo amavutika kawiri akadzamva kwa ena, ngakhale kuti mawu ake amayenera kupimidwa ndi msinkhu wa mwana.

Tsono onani zimene zichitika banjali likukondwerera tsiku la Noam Chomsky, katswiri wa zinenero amene Ben amamulemekeza, m'malo mwa Khirisimasi. Rellian afunsa chifukwa chimene iwo sangakondwerere zimene anthu ena onse amakondwerera. Bambo ake amuuza kuti afotokoze mfundo zake, onse amumve. Mwana uja angotembenuka n'kuchokapo. Ambiri amaona ngati bambo wapereka mwayi ndipo mwana walephera. Ine ndimaona mnyamata woferedwa mayi akuitanidwa kubwalo kumene woweruza ndi yemwe akutsutsana naye, ndipo mboni zonse zinaphunzitsidwa ndi woweruzayo. Mtsutso wotere mwana sangapambane, ndipo iye akudziwa.

Apa ndi pamene pali chilema cha maleredwe a Ben. Nkhalango payokha si vuto. Vuto n'lakuti munthu mmodzi ndiye bambo, mphunzitsi, dokotala ndi mtsogoleri wa zikhulupiriro. Mwana akakwiyira munthu ameneyo alibe kothawira. Kwathu kuno mwana wotere amakadandaula kwa amalume, azakhali kapena agogo, mtima n'kutsika. Rellian alibe wamkulu wina womukhuthulira zakukhosi, pomwe mumtima mwake akukhulupirira kuti bambo ake sanawathandize mokwanira amayi ake. Chisoni cha anyamata a msinkhu wake nthawi zambiri chimatulukira m'mkwiyo, ndipo akulu timafulumira kuchitcha mwano.

N'chifukwa chake atafika ku New Mexico kumaliro, Rellian amamatira agogo ake aamuna, a Jack. Filimu ikanatha kuwaonetsa a Jack ngati munthu wolemera wouma mtima, koma Frank Langella amawasewera ngati bambo amene wataya mwana wake wamkazi ndipo akuopa kutayanso zidzukulu. Akamatchula za ana ophunzitsidwa kuba chakudya m'sitolo, kapena dzanja la Rellian lovulala pokwera thanthwe, sakunama. Mantha awo akwaniritsidwa pomwe Ben atuma mwana wake wamkazi Vespyr kukwera padenga la nyumba ya a Jack kukatenga mlongo wake Rellian, mtsikanayo n'kugwa, kutsala pang'ono kuthyoka khosi.

Bodevan, woyamba kubadwa, amadandaula mwakachetechete. Makalata omuvomera ku mayunivesite akuluakulu monga Harvard ndi Yale anawabisa, ndipo anali amayi ake amene anamuthandiza kulembera mwamseri. Mtsikana atamupsompsona koyamba, iye agwada pomwepo kumufunsira ukwati, chifukwa za anthu amangozidziwa za m'mabuku. Luso locheza ndi anzako silichokera kwa makolo. Mwana amaliphunzira pokangana, kusekedwa ndi kukhululukirana ndi amsinkhu wake omwe si abale ake.

Chimene chimandikhudza mwa Ben n'chakuti amasintha. Vespyr atagwa, avomera pamaso pa ana ake kuti analakwitsa, ngakhale pa za matenda a amayi awo, n'kuwasiya kwa agogo. Makolo ambiri amene ndimakhala nawo pansi amaopa kuti kupepesa kwa mwana kuchotsa ulemu. Koma ana a Ben anabisala m'basi yawo n'kumutsatira, Rellian ali pomwepo, ndipo ndi pamene awiriwa ayanjana.

Pomaliza Bodevan anyamuka kupita ku Namibia, njira yodzisankhira yekha. Otsalawo akhala pafamu yokhala ndi nkhuku ndi dimba. M'mawa Ben akonza kamba, ana ali patebulo, ena akudya, ena akumaliza ntchito ya kusukulu, basi ya sukulu ili pafupi kufika.