Nalimata wotuwa: musagule poona chithunzi chimodzi

Nalimata wotchedwa crested gecko kwawo ndi ku New Caledonia, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Ankaganiziridwa kuti anatheratu mpaka pamene anapezekanso mu 1994, ndipo lero amawetedwa m'nyumba zambiri ku Ulaya ndi ku America. Oyererako ndiwo amakopa maso a ogula, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna.

Khungu la nalimatayu silikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Masana akabisala m'masamba n'kugona, amafwifwa. Kukada akadzuka, makamaka mukangowaza madzi m'khola mwake, mtundu wake umatuluka: amene masana anali wotuwa amatha kusanduka wachikasu kapena wofiirira. Oweta amati ali "fired down" akafwifwa, ndipo "fired up" mtundu ukatuluka. Akatsala pang'ono kufundula amatuwanso ngati wagubuduka m'phulusa. Ambiri amene amatsatsidwa ngati oyera mbee, pa dzina lakuti Moonglow, amakhala kuti anangojambulidwa nthawi yofwifwayo. Wogulitsa akuonetseni zithunzi ziwiri, cha masana ndi cha usiku. Akayamba kuzengereza, sungani ndalama zanu.

Kuyera kwa chibadwa kulipo ndithu. Kodziwika kwambiri ndi kwa Lilly White, mtundu umene unatulukira ku Britain kwa oweta a Lilly Exotics. Amakhala woyera m'nthiti, kumimba ndi kumchira, ndipo kuyerako kumawonjezeka akamakula. Kholo limodzi likakhala Lilly White, pafupifupi theka la ana amatengera.

Choopsa n'kuphatikiza awiri a mtundu umenewu. Mwa ana anayi aliwonse, mmodzi amayembekezeka kutenga chibadwacho kwa makolo onse awiri. Wotereyo amafera m'dzira, ndipo akaswa amatuluka woyera mbee koma wofooka, sakhalitsa n'komwe. Zimenezi zinadziwika kalekale pakati pa oweta, choncho wochitabe dala alibe chonamizira. Kwa ine imeneyo ndi nkhanza. Lilly White aziphatikizidwa ndi nalimata wopanda chibadwachi, basi.

Palinso Axanthic, amene khungu lake lilibe chikasu, motero amaoneka wotuwa, wakuda ndi woyera. Chibadwa chake n'chobisika: mwana amaoneka choncho pokhapokha atachitenga kwa make ndi kwa bambo wake yemwe. Nalimata wooneka wamba akhoza kukhala nacho osaonekera, n'chifukwa chake woweta wodalirika amalemba makolo a dzira lililonse. Musanalipire, pemphani kuona zolembazo.