Gitala ya nsambo 8 silowa m'malo mwa besi

M'magulu oimba a ku Ulongué ndi mumzinda wa Tete mumamveka maganizo akuti mukagula gitala yamagetsi ya nsambo 7 kapena 8, woimba besi sakufunikanso. Si zoona, ndipo ndalama zikutayika chifukwa cha maganizo amenewa.

Nsambo yachisanu ndi chiwiri imatsikira pa B, yachisanu ndi chitatu pa F#. Inde, F# yayandikira E, liwu lotsika kwambiri la besi wa nsambo 4. Koma kulemera kwa mawu kumachokeranso pa kutalika kwa nsambo, kuyambira pa nut (pomwe nsambo zimatsamira kumutu kwa gitala) mpaka pa bridge (pomwe zimatsamira pathupi pa gitala). Besi wamba ndi mainchesi 34. Gitala ya nsambo 8 nthawi zambiri ndi 27 basi. N'chifukwa chake nsambo yake ya F# imalira mopepuka, ndipo amplifaya ya gitala siimatha kunyamula mawu akuya ngati ya besi.

Pogula, tengani tepi muyeze. Ya nsambo 7 ya mainchesi 25.5 imagwira bwino pa B ndi nsambo yokhuthala inchi .059. Ya nsambo 8 yochepera 27 isiyeni: F# imalendewera, imagunda pa ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mukaikhwatcha mwamphamvu mawu amakwera kenaka n'kutsika. Yesani nsambo imeneyi pa fret 12 mutalumikiza tuner, kachipangizo koonetsa ngati nsambo ikulira liwu loyenera.

Khosi la magitala amenewa ndi lotakata, choncho ligwireni mphindi khumi mumve ngati dzanja likutopa. Kutentha kwa ku Tete ndi chinyezi cha dzinja zimapinda khosi, ndiye onetsetsani kuti truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi chowongolera khosilo, ikutembenuka. Musanalipire, funsaninso komwe mudzagule nsambo ya .074 (ya F# ija) ikadzaduka.